Juzi Avula Magolovesi

Mutu 6

1. Chipinda cha kumbuyo

Dzina lakuti Juzi analipeza ku pulayimale. Kunja kutenthe chotani, iye juzi sankavula. Anzake ankasewera ndi malaya a manja aafupi, iye ali phee pakhonde la kalasi, manja a juzi atawakokera mpaka m'zala. Pofika Fomu 2, ngakhale aphunzitsi poitana mayina ankangoti, "Juzi alipo?" Iye ankayankha kuti alipo.

Chimene ankabisa chinali khungu. M'kati mwa zigongono, kuseri kwa mawondo, m'khosi ndi pamwamba pa manja, khungu lake linkauma n'kuyamba kuyabwa. Iye ankakanda mpaka kusupuka. Pakapola pankatsala zipsera zakuda, zokhuthala ngati lamba wachikopa. Zinamuyamba ali wakhanda. Kulira nazo anasiya kalekale.

Amayi ake anali ndi saluni m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa sitolo ya mafoni ndi shopu ya amalume ake, omwe anali atelala. Saluniyo inali ya zipinda ziwiri. Kutsogolo kunali magalasi aakulu, mipando yozungulira, sinki yotsukira mitu ndi madirayala awiri oumitsira tsitsi, ina yofuna kumenyedwa kaye kuti iyake. Kumbuyo kunali mashelefu a mathaulo, makatoni a meshi ndi benchi.

Pa tchuthi malo a Juzi anali pa benchiyo. Ankapinda mathaulo ndi kulekanitsa meshi. Amayi sanamuuzepo kuti azibisala. Ankangoti, "Kwabwera anthu," iye n'kunyamuka, katani n'kugwa kumbuyo kwake.

Tsiku lina anawamva akuuza amalume kuti, "Achimwene, saluni imagulitsa kukongola. Anthu akamuona aziti chiyani?"

Juzi anapitiriza kupinda thaulo limene linali m'manja mwake.

2. Mawu a anesi

Tchuthi chitangoyamba, amalume ndi amene anamutengera kuchipatala, kuchipinda cha matenda a khungu. Anesi a kumeneko anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pa kachingwe. Anagwira manja a Juzi osavala kanthu, n'kuwatembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsalu.

"Tamvera, mwanawe," anayamba anesiwo. "Matendawa timawatcha ekizema. Si mphere, si zipere, si khate, ndipo palibe anakulodza. Sungapatsire munthu, ngakhale mutafunda bulangete limodzi chaka chonse. Ndi akumtundu. Amayendera limodzi ndi mphumu ndi chimfine chosatha. Kwanu alipo wa mphumu?"

Amalume anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ndine pano. Ena makolo amawasiyira nyumba, ife anatisiyira zimenezi. Ine chifuwa, uyu khungu."

Anesi anaseka. Juzi sanaseke.

"Khungu la munthu lili ngati khoma la njerwa," anapitiriza anesi. "Lako linamangidwa ndi matope ochepa, ndiye lili ndi mipata. Madzi a m'thupi amathawira m'mipatamo, khungu n'kuuma. Sopo, fumbi, thukuta ndi zonunkhiritsa zimalowera momwemo, khungu n'kukwiya. Likakwiya limayabwa. Ukakanda, ukugumula khoma. Likagumuka, kuyabwa kumanyanya. N'chifukwa chake sizikutha.

"Ntchito yako ndi kumata khomalo tsiku ndi tsiku. Samba madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndipo usakhalitse kubafa. Chinkhupule uchisiye. Sopo wonunkhira ayi. Ukamaliza usadzikhule ndi thaulo, ungodzigusa nalo pang'onopang'ono, ndipo khungu lisanaumiretu udzole mafuta awa, oyera, opanda fungo. Udzole m'mawa, udzole madzulo, udzole ukasamba m'manja. Udzole ngakhale tsiku limene khungu likuoneka bwino. Makamaka tsiku limenelo.

"Kachubu aka ndi kena. Awa ndi mankhwala, si mafuta. Upake pang'ono pokhapo patupa ndi kuyabwa, monga ndalembera apa. Pakazizira usiye. Usapake kumaso, usabwereke mnzako, ndipo kakatha ubwere kuno, usakagule za m'mabotolo opanda dzina zogulitsa mumsewu. Zikhadabo zikhale zazifupi. Kukayabwa, ika kansalu konyika m'madzi ozizira. Juzi yaubweyayi nayonso ikukuluma. Ngati sungathe kukhala wopanda juzi, vala yathonje.

"Chomaliza. Pakayamba kutuluka madzi, kapena kuchita nkhanambo zachikasu, kapena kupweteka m'malo moyabwa, thupi n'kutentha, usadikire mawa. Ndiye kuti tizilombo talowa. Sindikunamiza kuti matendawa adzatheratu. Ena amawasiya akamakula, ena amakalamba nawo. Koma ukawasamala amagona, iwe n'kumachita zako."

Amalume anatchula za saluni. Anesi anavula magalasi.

"Shampu ndi mankhwala a tsitsi kwa iwe ndi moto. Ngati sungachitire mwina, vala magolovesi athonje m'kati, a labala kunja. Munthu akakuuza kuti vula, umuuze chifukwa chake. Pakamwa uli napo."

"Chabwino," anatero Juzi.

Anachita zonse zimene anauzidwa, monga mmene munthu amasesera pabwalo. Amalume anamusokera timagolovesi tathonje ndi zidutswa za nsalu, n'kumugulira juzi yopepuka. Pang'onopang'ono ming'alu ya m'zala inatsekeka. Anayamba kufumbata dzanja osamva kukoka. M'mawa ankadzuka nsalu yofunda ilibe timadontho ta magazi.

"Taona manjawo!" amalume ankatero. "Ngati a mwana wa nduna."

Juzi ankawayang'ana manjawo n'kuwabwezera m'juzi.

3. Loweruka la ukwati

Loweruka lomaliza la tchuthi amayi anali ndi ntchito yaikulu. Mkwatibwi, aperekezi ake ndi amake onse ankadzakonzedwa tsitsi pa saluni yawo. Amake a mkwatibwiyo anali mayi wodziwika. Akayamikira malo, anzawo onse a kuntchito ankakhamukira komweko. Akawanyoza, mwini wake ankatsala ndi ntchentche.

Amayi anali atachapa makatani, atapukuta magalasi, atagula mathaulo oyera atsopano. M'mawa wa tsikulo, akutsegula chitseko, foni yawo inalira. Anali mtsikana amene ankawathandiza pa sinki. Mwana wake anali atadwala, ndipo anali naye kuchipatala.

"Lero lenileni!" anatero amayi, manja ali m'chiuno. Anayimbira uyu, anayimbira uyo. Wina anali kutali, wina sanayankhe. Kenako anakankha katani.

"Iwe, lero undithandiza. Kutsuka mitu basi. Zina zonse ndichita ndekha."

"Chabwino."

Juzi anatenga magolovesi a labala pansi pa sinki, n'kutuluka kukatenga athonje aja, omwe anawayanika kuseri kwa shopu ya amalume. Anawapeza amalume akusita jekete, tepi ili m'khosi. Atamva nkhaniyo anaimika simbi.

"Khala kaye apa, mwana wanga. Sindikuletsa kuthandiza amayi ako. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo lero mlongo wanga ali yekha. Koma ndakuona tchuthi chonsechi ukudzola, m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa. Khoma lomanga mwezi limagwa ndi mvula ya tsiku limodzi.

"Anthu akubwerawa sakukudziwa. Madzulo ano adzakhala akuvina, mawa sadzakumbuka n'komwe nkhope yako. Iwe udzatsala ndi manja akowa. Amayi ako amakukonda, koma ndi amantha pa makasitomala. Wina akakweza mawu, sadzakuyankhulira. Udziyankhulire wekha, mwaulemu, koma uyankhule.

"Ndipo mawu ako akuti 'chabwino' aja andikwana. Nyumba ikupsa, chabwino. Galu wakuluma, chabwino. Munthu wamoyo amakana nthawi zina. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva chiyani?"

"Ndisavule."

Panja panaima magalimoto. Juzi anavala athonje, anavala a labala, n'kulowa mu saluni kudzera khomo la kutsogolo. Khomo limenelo ankalidutsa kukakhala kulibe anthu basi.

4. Pa sinki

Saluni inadzaza ndi phokoso. Aperekezi ankaseka, kujambulana, kulimbirana galasi. Mkwatibwi anakhala pa mpando wapakati, amayi akumupota tsitsi ndi chitsulo chamoto.

Juzi anayamba ntchito. Kutsegula mpopi, kuyesa madzi, kuthira shampu, kufikisa, kutsukuluza, kukulunga thaulo. Aperekezi oyamba sanadandaule. Wina anagona n'kugona pa sinkipo.

Kenako anabwera amake a mkwatibwi. Anakhala pansi molemera, anavula ndolo, n'kutsamira khosi. Juzi atangoyamba kufikisa, mayiwo anadzuka.

"Aa! N'chiyani chikundizula tsitsi?"

Anatembenuka n'kuona magolovesi achikasu, thovu lili chuu.

"Awa si otsukira kuchimbudzi awa? Mayi, taonani. Kodi mutu wanga ndi wonyansa chotero, kuti mpaka munthu avale zimenezi?"

Amayi anali atagwira chitsulo m'tsitsi la mkwatibwi, sakanatha kusiya. Anayang'ana Juzi kudzera m'galasi. Kenako anaseka kaphwete kouma.

"Pepani mayi, ndi ana a masiku ano awa."

Sanamuuze kuti avule. Sanamuuzenso kuti asavule.

Mawu oti anene Juzi anali nawo, ndipo anali ochepa. Ndili ndi ekizema, sapatsirana, koma shampu amandiwotcha. Amake a mkwatibwi ankadikira, madzi akutsikira m'khosi. Aperekezi onse maso anali pa iye.

Juzi anavula magolovesi a labala. Anavulanso athonje, anawapinda bwinobwino n'kuwaika pawindo.

"Eya, tsopano," anatero mayiwo, n'kutsamiranso.

Poyamba sanamve kanthu. Madzi anali ofunda, tsitsi linali lofewa. Anamaliza mutu umenewo, wina n'kubwera. Atamaliza uwo, amake a mkwatibwi aja anati tsitsi lawo likadali ndi mafuta, atsukidwenso.

Wotsatira anali mperekezi amene amayi anamupaka mankhwala owongola tsitsi. "Tsukuluza msanga, asamupsereze!" amayi anakuwa. Juzi anapisa manja onse m'phala loyera la mankhwalawo. Fungo lake linamulowa m'mphuno.

Kunayamba kuyabwa pakati pa zala. Kenako kutentha, ngati wagwira mbale yochoka pamoto. Kenako sanamvenso chilichonse. Manjawo ankangogwira ntchito okha ngati a munthu wina. Iye ankayang'ana thovu likuzungulira pa kabowo ka sinki n'kulowa, lina n'kubwera, n'kulowa.

Amalume anasuzumira pakhomo atanyamula jekete ya kasitomala. Anaona timagolovesi pawindo. Anaona mwana wa mlongo wawo. Juzi sanadzutse mutu, ndipo kasitomalayo anawaitana kuchokera kunja.

5. Velo

Dzuwa litakwera, mitu yonse inali itatha. Juzi anapukuta manja n'kuwakokera m'juzi. Anali ofiira, otupa, onyezimira. Ankati alowe kumbuyo, amayi n'kumuitana.

"Tagwira velo iyi, isakhudze pansi. Ndikufuna ndiibaye m'tsitsimu."

Veloyo inali yaitali, yoyera mbee, yopepuka ngati utsi. Juzi anaisonkhanitsa m'manja. Popinda zala, khungu la pa mfundo linang'ambika. Iye sanamve. Amene anaona anali mperekezi wina.

"Magazi! Pa velo pali magazi!"

Panali timadontho tofiira m'munsi mwake, tina tikufalikira. Amake a mkwatibwi anafika ngati mphepo, n'kutsomphola veloyo. Dzanja la Juzi sanaligwire. Anagwira mkono wa juzi ndi nsonga za zala, n'kuukokera m'mwamba mpaka pa chigongono. Zipsera zakuda zija zinaonekera pa anthu onse.

"Mphere! Mayi wanga ine, mphere! Ndiye wandigwira m'mutu ndi manja amenewa? Watigwira tonse?"

Aperekezi anayamba kudzikanda m'makosi. Wina anathamangira pa sinki kukasamba m'manja.

"Amayi, musiyeni," anatero mkwatibwi motsitsa mawu. "Akutuluka magazi, simukuona?"

Koma amake sanamve. Anatembenukira kwa mwini saluni. "Mumatola kuti anthu otere? Ndi mwana wa ndani ameneyu?"

Amayi anayang'ana pansi, pamene panali tsitsi lodulidwa.

"Ndi... ndi mtsikana wongothandiza. Wabwera lero lomwe. Pepani kwambiri."

Juzi anatsitsa mkono wa juzi. Anakankha katani, anakakhala pa benchi, manja ataika pa mawondo. Sanalire. Ankangoona magazi akuuma m'zala.

Za kutsogolo ankazimva ngati wailesi ya kwa aneba. Anamva amalume akulowa, akupempha madzi ozizira ndi sizasi. Anamva akunena kuti adula m'munsi mwa veloyo n'kupindanso, palibe adzadziwe. Anamva makina osokera akulira kuseri kwa khoma. Anamva amayi akupepesa, akupepesanso. Kenako zitseko za magalimoto, mahutala, ndi bata.

Amayi anasesa saluni nthawi yaitali, kubwereza malo omwe anasesa kale. Madzulo anakankha katani, koma sanalowe.

"Wadya?"

"Ayi."

"Ukadye."

Anatseka saluni n'kuyenda ulendo wa kunyumba, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

6. Kubwerera kwa anesi

Juzi sanadzolenso mafuta. Botolo linali pomwe lija, pambali pa bedi, koma sanalitsegule. Lolemba sukulu inatsegulidwa. Iye anati mutu ukumupweteka, ndipo amayi sanamukakamize. M'nyumba ankangodutsana. Amalume akamuitana, ankayankha ali m'chipinda kuti ali bwino.

Manja sanapole. Ming'alu inayamba kutuluka madzi, madziwo n'kuuma kukhala nkhanambo zachikasu. Kuyabwa kunatha, kunabwera kupweteka kogunda ngati mtima. Juzi anazindikira zimene anesi ananena. Anakokera manja a juzi pansi kwambiri.

M'mawa wina kapu ya tiyi inamupulumuka n'kusweka. Amayi anatuluka kubafa akuthamanga. Anamupeza ataima pakati pa zidutswa za kapuyo, akungoziyang'ana.

"Tandionetsa manjawo."

Juzi sanasunthe. Amayi anapinda okha mikono ya juzi, yomwe inali itamatirira pa khungu. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamugwira pachipumi. Panali potentha ngati simbi.

Tsiku limenelo saluni sinatsegulidwe.

Anesi aja anawazindikira manjawo asanaizindikire nkhope. Sanakalipe. Anatenga beseni, anayamba kunyowetsa nkhanambo ndi kuzichotsa modekha.

"Inu ndinu ndani wake?" anafunsa.

"Ndine mayi ake," anatero amayi. "Ndine ndinamubereka."

Juzi ankayang'ana chithunzi cha pakhoma, cha mwana akulandira katemera.

Amayi anafotokoza zonse za Loweruka lija, osabisa ngakhale mawu amene ananena. Anesi anamvetsera akumanga bandeji.

"Ndiyamba ndi iwe, mwanawe. Kuvula magolovesi kunali kulakwa, koma kubisa manjawa n'kumene kukanakugoneka m'wodi. Tizilombo tikalowa pa khungu lotseguka sitidikira kuti mtima wako ukhale kaye pansi. Timapita m'magazi. Mapiritsi awa umwe onse mpaka atheretu, ngakhale uone kuti wachira. Mabandeji uzidzasintha kuno. Malo ena onse a thupi uyambirenso kudzola lero lomwe.

"Ndikudziwa kuti watopa. Aliyense wa matendawa amatopa. Umamata, limagwa, umamatanso. Ena amafika posiya kumva chilichonse, n'kumangoti zikhale momwemo. Kumenekonso ndi kudwala, ndipo tikamaliza za manjazi ndikufuna tidzakambirane. Kuyambiranso si kulephera. Kulephera ndi kukhala chete khungu likuwola."

Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Inu mayi, mwanayu alibe chonyansa. Akanakhala wopatsira, inuyo amene munamuyamwitsa ndi kumubereka kumbuyo bwenzi muli bwanji lero? Mwana amaphunzira kwa kholo mmene angadzionere. Mukamamubisa kuseri kwa katani, mukumuphunzitsa kuti ndi wobisidwa. Ndiye tsiku loti ayankhule likafika, mawu awatenga kuti?

"Inu mumagwira mitu ya anthu tsiku lonse, ndipo anthu a pa mpando wa saluni amamvetsera. Mukanena kamodzi kuti uyu ndi mwana wanga, ali ndi ekizema, sapatsirana, theka la dera lanu limva madzulo asanafike. Ena achoka, inde. Koma kasitomala amapezeka wina. Pa sinki paja asadzaimeponso mpaka nditanena ine."

Amayi anagwedeza mutu. Misozi inkagwera pa chikwama chimene anachifungatira. Anatambasula dzanja n'kuliika pa bondo la Juzi. Juzi sanalichotse, sanaligwirenso.

7. Pa geti

Potuluka anapeza mtsikana wa yunifolomu ataima pa geti la chipatala. Anali mnzake wa Juzi wa desiki imodzi, amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Anali atathawa kusukulu pa nthawi yopuma. Amalume ndi amene anamuuza kumene ali.

Lero Wailesi sanayambe ndi nthabwala. Anapereka moni kwa amayi, anayang'ana mabandeji, n'kutulutsa foni m'thumba la siketi.

"Mnzanga, ndimati ndisakuonetse. Koma bola umve kwa ine."

Inali vidiyo yaifupi, yogwedera. Mmodzi wa aperekezi aja anali atajambula. Munali velo, munali mkono wa juzi ukukokedwa, munali chigongono cha Juzi chitadzaza foni yonse. Pamwamba wina analemba kuti: Chenjerani ndi saluni ya mphere.

Amayi anagwira chitsulo cha geti.

"Kalasi yonse yaona," anatero Wailesi. "Ine ndawauza kuti chikhala mphere bwenzi ine ndili m'manda, poti timabwerekana ndi zolembera zomwe. Ena amva, ena ayi. Koma nkhani si imeneyo. Makolo ena apita kwa ahedi. Akuti ana awo sangakhale m'kalasi imodzi ndi iwe. Desiki yathu aitulutsa kale, ili pakhonde."

Juzi anaonera vidiyoyo mpaka kumapeto. Inayambiranso yokha, iye anaoneranso. Nkhope yake sinasinthe.

Pomwepo m'chikwama cha amayi munalira foni. Anaitulutsa, anawerenga dzina, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ndi ahedi."

Foni inkalirabe. Minibasi inaima, kondakitala anaitana, inanyamuka. Juzi anayesa kutambasula dzanja, koma zala za m'bandeji sizikanagwira kanthu.

"Yankhani, amayi," anatero. "Mukweze mawu ake. Akafunsa za ine, ndiyankha ndekha."

Amayi anadina batani loyankhira.